Mwendo wa Apongozi Kunsi kwa Chitenje

Apongozi anga aamuna anagundidwa ndi wilibala kumsika wa Soweto, tsiku lomwe anapita kukafuna anyezi wotchipa. Wokankha wilibalayo anali atasanjikiza matumba a mbatata mpaka osaona kutsogolo, ndiye chitsulo chinawasupula khungu pamwamba pang'ono pa kakolo. Munthu uja anapepesa, iwo anati palibe kanthu, nakwera minibasi kubwerera kwawo ku Kabwata, anyezi wawo ali m'manja. Koma pepani sapoletsa chilonda, makamaka kwa munthu wa matenda a shuga. Kabala koti ukanakaphimba ndi chala chimodzi, pomwe mvula inkatha kanali katakula ngati kukamwa kwa kapu, ndipo anayamba kuyenda motsimphina.

Mwamuna wanga anawatenga onse awiri, atate ake ndi amayi ake, kuti adzakhale nafe ku Chelstone, chifukwa ife tinali ndi galimoto yowapititsira kuchipatala. Ndinakondwa kuti abwere, koma ndinadziwanso kuti kanyumba kathuko katichepera. Ine ndine mwana wa m'tauni. Makolo anga ndi ochokera ku Katete, koma ndinakulira m'nyumba yomwe aliyense amalankhula ndi aliyense, nthawi zina onse pakamodzi. Kwa apongozi anga n'kosiyana. Anabwera mu Lusaka ine ndisanabadwe ndipo zakumudzi anasiya zambiri, koma mwambo wa chipongozi anausunga ngati mbale ya alendo. Chikwatiwireni sindinakhalepo pampando m'chipinda chimodzi ndi atate. Powapatsa moni ndinkagwada pakhomo, maso pansi, iwo n'kuyankha akuyang'ana kumbali. Tikakumana m'kanjira ka kuseri kwa nyumba, ankakhala oyamba kupatuka. Mawu anga onse opita kwa iwo ankadutsa mwa mwamuna wanga, kenako mwa amayi. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndiye ndinazolowera.

Musaganize kuti anali munthu wouma mtima. Atate ndi munthu wanthabwala, ndipo kuseka kwawo ndinkakudziwa bwino chifukwa kunkadutsa khoma. Moyo wawo wonse anali dalaivala wa boma, ndipo ntchitoyo inawasiyira nthenda ya ukhondo. Amasita ndi mipango yomwe. Nsapato amapukuta mpaka kunsi kwake. Atangofika kwathu anayamba kutsuka galimoto yathu m'mamawa uliwonse, akutsimphina chomwecho, mpaka mwana wawo anabisa ndowa.

Kuchipatala anachita zonse zoyenera. Adokotala anachotsa mnofu wakufa, anapereka mankhwala opha tizilombo, anawonjezera a shuga, anagwira mtsempha wa paphazi n'kunena kuti magazi akufika ndithu. Anesi a kukiliniki yathu ankatsuka chilondacho ndi madzi amchere a m'botolo, n'kuikapo kansalu konyowa, n'kumanga. Analamula kuti bandeji isakhudzidwe mpaka tsiku lobwereranso. Amayi a chigwirizano cha kumpingo obwera kudzazonda nawo sanabwere chimanjamanja. Wina anati jivi, mankhwala opaka ofiirira aja, wina anati phulusa, wina anati chilonda chimafuna dzuwa kuti chiume. Atate ankawathokoza onse mwaulemu, n'kupemphera nawo. Koma chilonda sichinkasuntha. Anesi ankati akamasula amapeza chili psuu, m'mphepete muli mwauwisi ngati chavulala dzulo.

Amene ndinaona chifukwa chake ndine, ndipo ndinaonera pawindo la kukhitchini. M'mawa wina ndikutsuka makapu ndisanapite kuntchito, ndinaona atate atakhala pakampando kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi, atafulatira nyumba. Anamasula bandeji mosamala, naipinda. Anatulutsa botolo la sipiriti m'thumba la jekete, nathira pachilonda. Ndinaona mapewa awo akunjenjemera ndi ululu, koma sanabuule. Kenako anakulunga thonje kumtengo wa machesi n'kuyamba kupala m'mphepete mwa chilonda, mozungulira, kuchotsa kakhungu kotuwa kopyapyala komwe kanali katamera pamenepo, mpaka magazi anatuluka. Anaumika mwendo padzuwa kanthawi, n'kumanganso bandeji bwinobwino, mwina kuposa anesi. Ndinatsala kukamwa yasa, kapu ili m'manja.

Ndimaphunzitsa sayansi ya zamoyo kusekondale, ndipo kakhungu kameneko ndinkakadziwa. Tili kuyunivesite anationetsapo maselo a khungu omeretsedwa m'kambale kagalasi, atayala pansi ponse. Aphunzitsi anatenga kachitsulo n'kukanda mzere pakati, kusiya msewu wopanda kanthu. Mawa lake titayang'ana pa makina okulitsa zinthu, msewu uja unali utachepa. Maselo a m'mbali zonse ziwiri anali atatambasula timiyendo n'kukwawira pakati, ndipo kumbuyo kwawo ena anali akugawikana kuti adzaze malo. Ndinatuluka m'chipindamo ndikuyang'ana dzanja langa ngati lachilendo. Tsono chomwe atate ankapala m'mawa uliwonse sanali mafinya kapena litsiro ayi. Anali maselo omwe anakwawa tsiku lonse ndi usiku wake kuti atseke chilonda, iwo n'kuwasesa ngati zinyalala.

Mtima unandiuza kuti nditsegule windo ndikuwe. Pakamwa panga sipachedwa, ana asukulu amadziwa. Koma awa anali apongozi, ndipo ndinali nditawaona mwendo uli pamtunda, chinthu chomwe sindinkayenera kuona n'komwe. Ndinapita kuchipinda komwe mwamuna wanga ankamanga tayi, n'kumufotokozera zonse, kuyambira sipiriti mpaka mtengo wa machesi. Ndinati auze amayi kuti auze atate asiye kumasula bandeji, asiye sipiriti, ndipo kotuwa ka m'mphepeteko asakakhudze.

"Nizabauza ba mami," anatero, maso ali pagalasi.

Mwamuna wanga ndi munthu wabwino, koma uthenga ukamulowa m'khutu umatuluka utachapidwa, utasitidwa, utachepa ngati juzi ya ubweya. Masiku otsatira ndinkasuzumira pawindo, ndipo atate anali pompaja, akupala mwakhama kuposa kale. Ndinaganiza kuti ndi makani a ukalamba, ndipo ndinapsa nawo mtima chamumtima.

Tsiku lina anabwerako kuchipatala chachikulu, makolo n'kutsika kulowa m'nyumba mwakachetechete, koma mwamuna wanga anatsala m'galimoto injini itazima. Ndinapita kukatsegula chitseko.

"Bakamba kuti chayamba kungena mukati," anatero. "Ngati sichisintha pa liviyu ibwela, bazaujuba mwendo. Pansi pa nkokola."

Kudula mwendo, pansi pa bondo, tsiku lokaonananso ndi adokotala likapeza chilonda chisanasinthe. Munthu yemwe moyo wake wonse anadyera phazi lomwelo popondera mafuta ndi buleki. Ukali unandikwera.

"Imwe, munabauza chani ba mami tsiku lija?"

"Ninabauza kuti ba ticha bakamba ati bazisamala chilonda."

"Chabe?"

"Manje nenze kukamba bwanji kuti munabaona pa windo?"

Ndinapita kwa amayi kukhitchini, ndinagwada, n'kuwafunsa mwaulemu zomwe anawauza atate. Anandiyankha mosangalala, ngati munthu amene wagwira ntchito yake: "Ndinawauza kuti apongozi anu akuti muzitsuka bwino." Ndiye uthenga wanga unachoka uli "siyani", unakafika uli "limbikirani". Atate sankachita makani. Ankamvera ine.

Loweruka lotsatira mwamuna wanga anapita kutauni. Amayi anali pakhonde akusadzula chibwabwa, masamba a maungu aja, ndipo atate anali atakhala kuseri kwa ngodya ya nyumba, pomwe sitinkaonana koma tinkamvana, kawailesi kali pamiyendo. Ndinayala chitenje pansi pafupi ndi amayi, ndinatenga masamba angapo kuti ndiwathandize, n'kukweza mawu ngati ndili m'kalasi.

"Amayi, Lolemba ndili ndi phunziro lovuta. Ndiloleni ndiyesele pa inu, mukamva inu ndiye kuti ana adzamva."

Amayi anaseka, nati iwo sukulu anaisiyira panjira. Bodza linalipo pang'ono, chifukwa zimenezi sizili pa silabasi ya ana anga. Koma ndinayamba. Ndinati thupi lonse ndi lomangidwa ndi tinthu tating'ono tamoyo, maselo, ndipo selo lililonse lili ndi kachikopa kolikuta. Selo la khungu silingoyenda lokha kapena kugawikana mwachisawawa, limadikira kuuzidwa. Munthu akavulala, magazi oundana pabalapo ndi maselo ozungulira amatulutsa timadzi ta uthenga. Koma uthengawo sulowa m'kati mwa selo, umathera panja. Ndiye pachikopa cha selo pali tolandirira uthenga tomwe tinaboola chikopacho, mbali ina ili kunja, mbali ina ili m'kati. Ndinati ana ndimawauza kuti ndi makutu a selo.

Kuseri kwa ngodya wailesi inatsitsidwa.

Ndinapitiriza. Uthenga ukagwira kunja, makutu awiri amasendererana n'kugwirana. Akagwirana choncho, mbali zawo zam'kati zimadzuka, chifukwa zimenezo ndi enizaimu, kachida kogwira ntchito. Kalikonse kamamata kachizindikiro kotchedwa fosifeti pa kanzake, ndipo tinthu tina ta m'kati mwa selo tikaona chizindikirocho timabwera kudzagwira pamenepo, n'kudzutsa tinzake, tinzaketo n'kudzutsa tina. Uthenga wina umakafika pakati penipeni pa selo n'kuliuza kuti ligawikane likhale awiri. Wina umapita ku timitsitsi tomwe timalimbitsa selo, n'kuliuza kuti litambasuke likwawire komwe kuli bala. Ndinati maselo okwawawo amaoneka ngati kakhungu kotuwa m'mphepete mwa chilonda, kopyapyala kuposa khoko la anyezi. Amayenda bwino ponyowa. Pouma amavutika, ndipo sipiriti imawapha nthawi yomweyo.

Amayi anali atasiya kusadzula. Wailesi inazimiratu. Kenako mawu anachokera kuseri kwa ngodya.

"Amayi, afunseni apongozi. Tinthu timeneto tikayamba kuyenda, timaima bwanji? Tili ndi mabuleki?"

Amayi anatembenukira kwa ine. "Akuti tili ndi mabuleki?"

Ndinayankha ndikuyang'ana amayi kuti inde. A mbali iyi akakumana ndi a mbali iyo n'kugundana, amaima, ndipo makutu aja selo limawameza kuti lisamvenso. Ndinati pali matenda ena oopsa, monga khansa, omwe makutu amenewa amakhala ogwirana osalekana, selo n'kumangogawikana popanda wolituma. Atate anang'ung'udza movomereza, ngati munthu amene waona galimoto zambiri zopanda mabuleki.

"Afunseninso. Kotuwa kameneko sikuola?"

"Akuti sikuola?"

"Ayi amayi, ndi khungu latsopano, likadali lakhanda."

"Akuti ndi khungu la..."

"Ndamva," anatero atate. Kenako anayambanso: "Afunseni..."

"Aaa, atate, mwamva nokha, afunseni nokha!" anatero amayi, akukutumula chitenje. "Ine sindine foni. Ndiwo zanga zikufota apa." Ananyamula lichero n'kulowa m'khitchini, koma chitseko anasiya chotsegula, kuti pasakhale wonena kuti anatisiya awiri.

Tinatsala awiri, iwo mbali yawo ya ngodya, ine mbali yanga. Ndinapitiriza kusadzula masamba omwe ndinatsala nawo. Kenako analankhula, mawu otsika, ngati akuuza khoma.

"Nanga munthu wa shuga ngati ine, makutu amenewo akumvabe?"

Aka kanali koyamba kundifunsa kanthu popanda wapakati. Ndinafuna kuwanamiza kuti zonse zili bwino, koma sindinathe. Ndinati shuga akachuluka m'magazi uthenga umachepa, ndipo makutu amamva movutikira. Ndinati ngakhale insulini, yomwe imauza thupi kuti lichotse shuga m'magazi, imagogoda pa khutu la mtundu womwewu, ndipo kwa iwo khutu limenelo linayamba kugontha. Koma ndinati kugontha pang'ono si kufa. Umboni wake ndi kakhungu komwe kamabwerera m'mawa uliwonse. Ngati akanakhala kuti samva, atate sakanapeza chopala.

Nditangotero ndinadziwa kuti ndadziulula kuti ndinawaona. Ndinaluma lilime. Koma iwo sanakwiye. Anapuma mozama.

"Apongozi, ine ndimaopa kununkha," anatero. "Ndili m'nyumba mwanu. Mumaphika, mumalandila alendo. Mlamu wanga anadwala chilonda chotele kumudzi, anthu ankalavula akadutsa pakhomo pake. Ndinati ine mwana wa eni asadzagwile mphuno chifukwa cha ine."

Ndinalira. Sindibisa, ndinalira ngati mwana, chibwabwa chili m'manja. Masiku onse aja ndinkawayesa amakani, pomwe munthu ankadziwotcha ndi sipiriti m'mawa uliwonse pondilemekeza ine. Nditapeza mawu ndinati, "Atate, sindinamvepo fungo. Ndipo ngakhale litamveka, nyumba ino ndi yanu. Fungo tidzatsegula mawindo, koma mwendo sitingaugule ku Soweto." Ndinamva akuseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene nayenso misozi ili pafupi. Patapita kanthawi botolo la sipiriti linatulukira pangodya, likukankhidwa ndi ndodo yawo, mpaka linafika pomwe ndinakhala.

Lolemba ndinapempha nthawi kusukulu n'kupita nawo kukiliniki, ine kutsogolo ndi mwamuna wanga, iwo kumbuyo. Ndinawafotokozera anesi zomwe zinkachitika. Anesiwo, mayi wamfupi wolankhula mofulumira, anagwira m'chiuno.

"Ba tate, kanshi ndimwe mwenze kunivutisa so! Ine nenze kuganiza ati manja yanga yaipa."

Anati popeza chilonda chinkatulutsa madzi ambiri, ndi bwino chizisinthidwa kunyumba pakati pa masiku a kukiliniki, koma ndi munthu wina, osati mwiniwake. Apa ndiye panavuta. Amayi maso awo ndi ofooka ndipo manja amanjenjemera. Mwamuna wanga akaona magazi amafuna pokhala, ndiponso amachoka m'mamawa kuthawa mzere wa magalimoto pamsewu wopita kutauni. Anesi anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi. Atate anayang'ana kudenga. Kugwira mwendo wa apongozi aamuna, kwathu sizimveka n'komwe.

Amene anapeza njira ndi amayi. Titafika kunyumba anatenga chitenje chawo chakale n'kuchipachika pachingwe choyanikira zovala kuseri kwa nyumba, mpaka chinatsala pang'ono kugunda pansi. Anaika kampando mbali ina, mphasa mbali ina.

"Apongozi sadzaona munthu," anatero. "Adzaona mwendo. Mwendo si apongozi a munthu."

Sindikudziwa ngati akuluakulu akumudzi akanavomereza chiweruzo chimenechi, koma panalibe amene anawafunsa. Kuyambira pamenepo, m'mawa ndisanapite kusukulu, ndinkasamba m'manja, kuvala magolovesi, kugwada pamphasa, ndipo kunsi kwa chitenje kunkatulukira mwendo, buluku litapindidwa bwino mpaka m'bondo. Amayi ankakhala chapafupi ndi kapu ya tiyi ngati mboni. Tsiku loyamba ndinagwira mwendowo mosamala. Ndinatsuka ndi madzi amchere monga anandionetsera anesi, osapukuta, kungothira pang'onopang'ono. Fungo linalipo, laling'ono, koma ndinangopitiriza kutsuka.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekha si mphatso yanga. Masiku oyamba sindinkaona kusintha kulikonse, ndipo m'kalasi ndinkakalipira ana pa zinthu zazing'ono. Ndinkaopa kuti ndalonjeza nkhalamba zinthu za m'kambale kagalasi zomwe sizichitika pa mwendo weniweni. Ndinasinthanso kaphikidwe, ndipo nyumba yonse inalowa m'mavuto a atate: tiyi wopanda shuga, buledi wochepa, masamba ambiri. Mwamuna wanga ankadandaula kuti akulangidwa pa mlandu wa wilibala yomwe sanaione.

Kenako m'mawa wina ndinachotsa kansalu n'kupeza pansi pa chilonda pafiira bwino, pali timatuza tating'ono ta mnofu watsopano, ndipo kuzungulira m'mphepete monse munali kamzere kotuwa kaja, kotakata kuposa kale.

"Lelo ayenda?" anafunsa mawu kuseri kwa chitenje.

"Ayenda, atate."

"Mbali iti?"

"Mbali ya kumtunda ndiyo yachangu. Ya kumunsi ikuchita ulesi."

"Amenewo ndi a kwa amayi anu," anatero, ndipo amayi anawaopseza ndi supuni ya tiyi.

Funso limenelo linakhala moni wathu wa m'mawa uliwonse. Ankafuna kudziwa zonse, monga dalaivala wofunsa za msewu. Ankafunsa ngati maselowo amapuma, ngati amadya, ngati akudziwa komwe akupita. Ndinkayankha zomwe ndikudziwa, ndipo zomwe sindidziwa ndinkakawerenga nthawi yopuma kusukulu. Kuseri kwa chitenje chimenecho ndinamva nkhani zambiri kuposa zaka zonse za ukwati wanga: za misewu ya fumbi ya kum'mawa, za mabwana ogona m'galimoto kukamwa kuli pululu, za mmene anafunsira amayi mbeta atabwereka jekete. Nkhope yawo sindinkaiona, koma ndinkadziwa kuti akumwetulira chifukwa zala zakuphazi zinkagwedera.

Sikuti zonse zinayenda myaa. Sabata ina kunyumba kunabwera alendo a kumpingo ndi makeke, atate anachita manyazi kukana, shuga anakwera, ndipo chilonda chinaima, m'mphepete munatupa. Anesi anawonjezera mankhwala. Ine ndinakalipa, ndipo ndinakalipira chitenje, chifukwa ndicho chinali patsogolo panga. Ndinati ngati akufuna makeke anene, tikagule ndi ndodo zoyendera zomwe. Nditamaliza ndinachita mantha ndi pakamwa panga. Kuseri kwa chitenje atate anati, "Mwanena zoona, apongozi. Pepani." Amayi anandiyang'ana ngati andione koyamba, koma sanandidzudzule.

Tsiku lokaonananso ndi adokotala aakulu sindinapite nawo, ndinali ndi mayeso a ana. Ndinayang'anira mayesowo foni ili m'thumba la siketi, chinthu chomwe ndimaletsa aphunzitsi anzanga. Itanjenjemera ndinatuluka panja osapempha aliyense. Anali mwamuna wanga, ndipo ankalankhula mokuwa ngati ali kutsidya kwa mtsinje.

"Sibajuba! Bakamba ati chapola maningi, tipitilize chabe vamene tichita!"

Ndinakhala pansi pakhonde la kalasi, pasimenti, ndi zovala zanga zakuntchito. Mphunzitsi mnzanga anatuluka kudzafunsa ngati kwagwa maliro. Ndinati ayi, ndi mwendo, mwendo watsala. Sanamvetse, koma anandikumbatira.

Kutsekeka kwenikweni kunatenga nthawi yaitali, nyengo yozizira yonse mpaka mphepo ya fumbi itayamba. Chilonda chinachoka pa kukamwa kwa kapu kufika pa chitsekerero cha botolo, kenako pa njere ya nyemba. Chakumapeto ndinkachita kuwerama kwambiri kuti ndione ngati patsala malo. M'mawa wina ndinachotsa kansalu n'kupeza kali kouma. Panali khungu lokhalokha, lopyapyala, lonyezimira, lotuwa kuposa linzake. Ndinalikhudza ndi chala mopepuka.

"Lelo ayenda?"

"Aima, atate. Akumana."

Mwendo unakhala pomwepo kanthawi, osabwerera. Amayi anayamba nyimbo yakutchalitchi chapansipansi, ndipo kuseri kwa chitenje ndinamva munthu akumina.

Anesi anatichenjeza kuti khungu limenelo silidzalimba ngati lakale, kuti shuga sanapite kulikonse, ndipo kuti atate aziyang'ana mapazi awo tsiku lililonse. Za ku Soweto anawaletsa. Patapita masabata angapo anati akufuna kubwerera kwawo ku Kabwata, nyumba yakhala yokha nthawi yaitali. Chitenje chinachotsedwa pachingwe, chinachapidwa, chinalowa m'chikwama cha amayi. Ndipo ine ndi atate tinabwerera pomwe tinali. Ndinkagwadanso pakhomo, iwo n'kuyankha akuyang'ana kumbali. Anzanga akusukulu ndikawauza amati n'zomvetsa chisoni, koma ine sizinandiwawe. Ulemu umenewo ndi wawo, ndipo tsopano ndinkadziwa zomwe zili kuseri kwake.

Tsiku lonyamuka, mwamuna wanga anatulutsa galimoto n'kulongedza katundu. Atate anatuluka atavala suti yawo yakutchalitchi ndi nsapato zonse ziwiri, koyamba chivulalireni. Anauza mwana wawo kuti apititse katunduyo ndi amayi, iwo akakwera minibasi kumsewu waukulu.

"Ba dadi, motoka ilipo, muvutikila chani?"

"Ndikufuna ndiyende," anatero.

Palibe amene anawaletsa. Ndinagwada pageti kuwatsanzika, maso pansi, ndipo nsapato zija zinadutsa patsogolo panga. Atapitirira ndinadzuka n'kuwayang'ana kumbuyo, poti kumbuyo mwambo suletsa. Sindinayang'ane suti kapena chipewa. Ndinkayang'ana mwendo wakumanja, mmene unkanyamukira, mmene unkaponda, ngati ukukoka kapena ayi. Sunkakoka. Atafika pomwe msewu wathu umakhotera anaima. Sanatembenuke, ndipo panalibe amayi pafupi oti awatume. Anakweza mawu, anthu a m'nyumba zoyandikana akumva.

"Apongozi! Mukuona?"

"Ndikuona, atate!"

Anakweza chipewa m'mwamba, akuyang'anabe kutsogolo, n'kukhota ndi miyendo yawo iwiri.